Ndalama yakale ya bowo: mmene mungadziwire kuti bowolo linabwera bwanji

Funso la ndalama zakale zamabowo silikutha kuno ku Zomba. Wina walima m'munda ku Thondwe, khasu latukula khobidi. Wina akukumba maziko a nyumba ku Chinamwali, wapeza tindalama titatu tobiriwira. Wina watsegula sutikesi ya malemu agogo ake amene anali msilikali, wapezamo ndalama yomangidwa pa kachingwe. Popeza ine ndimatolera ndalama zakale, onsewa amandifunsa zofanana: bowoli anaboola ndani, analiboola liti, nanga ankafuna chiyani? Ndayankha pakamwa kambirimbiri, tsono ndaona kuti ndilembe kamodzi, aliyense azitha kudzifufuzira yekha.

Mfundo imene muyenera kuigwira kuyambira pachiyambi ndi iyi: ndalama ili ndi zaka zake, bowo nalonso lili ndi zaka zake. Nthawi zina zakazo zimafanana, chifukwa ndalamayo inatuluka ku fakitale ili kale ndi bowo. Nthawi zina bowo limabwera patapita zaka makumi angapo, mwinanso mwezi watha womwewu. Ntchito yonse ili pa kusiyanitsa ziwirizi.

Kwa achinyamata amene munabadwira mu kwacha ndi tambala, nawa mayina amene mudzawamve kwa akuluakulu. Khobidi ndi peni. Makobidi atatu ndi tiki, asanu ndi limodzi ndi sikisi, 12 ndi shileni, ndipo mashileni 20 ndi paundi. Dziko lino linasiya kawerengedwe kameneka mu 1971, pamene paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, shileni n'kukhala 10 tambala.

Zida zake si zovuta: tochi, foni yojambula, rula ya mamilimita, kansalu koyera, thonje pang'ono, ndi maginito, ngakhale a mu sipika ya wailesi yakufa. Galasi lokulitsa zinthu likapezeka ndi bwino. Likasowa, jambulani pafupi ndi foni pa dzuwa, kenako mukulitse chithunzicho.

1. Musatsuke

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya asanayambe n'komwe. Munthu akangotola ndalama amathamangira phulusa, mchenga, mandimu, bwemba, viniga, Coca-Cola kapena Brasso kuti iwale. Ikawala, umboni wapita. Dothi louma m'bowo, utoto wakuda umene chitsulo chatenga ndi zaka, kaulusi kotsalira pa mlomo wa bowo, zonsezi ndi zimene tidzawerenge pa sitepe 6. Musalowetsenso msomali, singano kapena waya m'bowomo poyesa kukula kwake, chifukwa mumasiya mikwingwirima yatsopano imene idzakusokonezeni nokha.

Ngati matope achuluka moti zilembo sizikuoneka, yambani mwajambula mbali zonse ziwiri. Mukatero, viikani m'madzi oyera, musisite pankhope pokha ndi chala, m'bowo musiyemo, ndipo muumitse bwinobwino pa kansalu. Pogwira, gwirani m'mphepete.

2. Werengani ndalamayo musanayang'ane bowo

Lembani pa pepala dzina la dziko, chaka, mtengo wake, dzina la mfumu kapena mfumukazi, ndi zithunzi zimene zilipo. Yezani kukula kwake ndi rula. Yandikizani maginito. Makobidi a nthawi ya atsamunda amene ankayenda kuno ndi a mkuwa, kapena a mkuwa wosakaniza ndi nikelo, kapena a siliva, ndipo zonsezi sizigwidwa ndi maginito. Ikakakamira, mwina muli ndi imodzi mwa ndalama za kwacha zaposachedwa zimene mkati mwake ndi chitsulo wamba chokutidwa pamwamba, kapena si ndalama n'komwe koma washala wadzimbiri. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire.

Chaka cholembedwapo chikukuuzani chinthu chimodzi chokha: bowo silingakhale lakale kuposa chakacho. Ndipo chakacho nthawi zina chimanamiza. Ndalama yaikulu ya siliva ya Maria Theresa, mfumukazi yakale ya ku Austria, imene inkayenda kwambiri ku Ethiopia kumene asilikali athu a King's African Rifles (KAR) anakamenya nkhondo mu 1941, imalembedwa 1780 ngakhale inasulidwa zaka zoposa 150 pambuyo pake. Mukaipeza m'katundu wa agogo, musathamangire kunena kuti ndi ya nthawi ya makolo a makolo.

3. Onani ngati inabadwa ndi bowo

Ndalama zambiri zimene anthu amandionetsa zimathera pa sitepe ino. Palibe amene anaziboola kumudzi, zinapangidwa choncho.

Yofala kwambiri kuno ndi khobidi la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Ndalama zake zinayamba kutuluka mu 1955. Khobidi lake ndi la mkuwa, lotambalala pafupifupi mamilimita 27, lili ndi njovu ziwiri zoimirira uku ndi uku kwa bowo, ndi chisoti chachifumu pamwamba. Theka la khobidi ndi laling'ono, pafupifupi mamilimita 21, ndipo lili ndi anyamalikiti awiri. Ziwiri zokhazi ndi zimene zinali ndi bowo. Tiki ya duwa, sikisi ya mkango, shileni ya mphalapala ndi mashileni awiri a nkhwazi zinalibe.

Chitaganya chisanabwere, kuno kunkayenda ndalama za Southern Rhodesia, ndipo khobidi lake ndi theka lake zinali ndi bowo kuyambira 1934. Oyamba aja anali otuwa ngati siliva, koma si siliva, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Kuyambira 1942, nkhondo ili mkati, anayamba kuwapanga ofiira. Zambia nayo inatulutsa khobidi la bowo mu 1966. Koma dziko la Malawi silinapange ndalama ya bowo: sikisi, shileni, mashileni awiri ndi hafukolona (mashileni awiri ndi sikisi) za 1964 zokhala ndi nkhope ya Kamuzu, khobidi la 1967, ndi matambala onse kuyambira 1971, zonse n'zosaboola. Choncho mukaona bowo pa ndalama yolembedwa Malawi, dziwani kuti silinachokere ku fakitale.

Zomba ndi mzinda wa asilikali, ndipo ichi n'chifukwa chake kuno kumapezeka ndalama zamabowo zochokera kutali. Amene mayina awo ali pa chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, ndi anzawo amene anabwerako amoyo, pamodzi ndi amtengatenga, anayenda maiko ambiri. Ndalama yolembedwa East Africa ya 1, 5 kapena 10 cents, yokhala ndi minyanga ya njovu mozungulira bowo, inabadwa ndi bowo. Chimodzimodzinso 10 heller ya Deutsch Ostafrika ya pakati pa 1908 ndi 1914, ndi 5 heller ya 1913 ndi 1914, za Ajeremani amene asilikali athu anamenyana nawo ku Karonga mu 1914 n'kuwatsatira mpaka m'dziko lawo la Tanganyika. Ya British West Africa ili ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Pice ya ku India ya pakati pa 1943 ndi 1947 ili ndi bowo lalikulu kwambiri moti imaoneka ngati mphete, chifukwa pa nkhondo mkuwa unkasowa.

Boma linkaika bowo pa zifukwa zomveka. Munthu wosadziwa kuwerenga, kapena amene akugula madzulo kuli mdima, ankasiyanitsa ndi chala khobidi ndi ndalama yaikulu. Chitsulo chinkapulumuka, ndalama n'kukhalabe yotambalala yosavuta kugwira. Ndiponso anthu ambiri zovala zawo zinalibe matumba, ndiye ankatunga makobidi pa chingwe. Nzeru imeneyi si ya Angelezi okha. Ku China ndalama za bowo la ngodya zinayi zinayenda zaka pafupifupi 2,000, ndipo lero lomwe 5 yen ndi 50 yen za ku Japan zili ndi bowo. Popeza pakati palibe malo a nkhope, ndalama zambiri zamabowo za Angelezi zinkangolembedwa dzina la mfumu. N'chifukwa chake Edward VIII, amene analamulira mu 1936 mokha n'kutula pansi ufumu, dzina lake limapezeka pa 5 ndi 10 cents za East Africa za chaka chimenecho.

Nanga mukakhala ndi ndalama imene sindinaitchule pano? Yang'anani chithunzi. Pa ndalama yobadwa ndi bowo, wojambula analisiyira malo: nyama, maluwa ndi zilembo zimalizungulira, palibe chodulidwa. Bowo lili pakatikati, ndi lozungulira bwino, ndalama ili yosapindika. Mukapeza inzake ya mtundu womwewo, zisanjikizeni n'kusuzumira pa kuwala, mabowo ayenera kulingana ndendende. Bowo la munthu silisamala chithunzi, limadula chilembo, chisoti kapena tsitsi la mfumu.

Chenjerani ndi ziwiri izi. Pali makobidi a njovu amene bowo lake la ku fakitale munthu analikulitsa kuti mulowe bawuti, ndipo mudzaona kuti ladya zitamba kapena miyendo ya njovu. Palinso amene ali ndi mabowo awiri, lapakati ndi lina m'mphepete. Lapakatilo ndi la ku fakitale, la m'mphepetelo ndi limene muyenera kulifufuza.

4. Malo a bowo akuuzeni cholinga

Bowo limodzi laling'ono pafupi ndi m'mphepete, pamwamba penipeni pa mutu wa mfumu, ndi la munthu amene ankafuna kuti ndalama ilendewere nkhope ili chilili: pa mkanda, pa chibangili, pa tcheni cha wotchi, kapena pa chifuwa ngati mendulo. Likakhala m'mphepete koma paliponse, chammbali kapena pansi pa khosi la mfumu, woboolayo analibe nazo ntchito za nkhopeyo. Ankangofuna pomanga, monga pa mkuzi wa mwana, pa mphinjiri, kapena pa makiyi. Mabowo awiri kapena anayi oyandikana pakati ndi batani, kapena choseweretsa cha ana chija amatunga ulusi n'kumakoka kuti chizizungulira, chimene masiku ano amapanga ndi zitsekerero za mabotolo. Mabowo awiri oyang'anizana, lina kumanja lina kumanzere, akusonyeza kuti inalumikizidwa ndi zinzake kapena inasokereredwa pa nsalu kapena pa chikopa. Bowo limodzi lalikulu pakati pa ndalama yosayenera kukhala ndi bowo kawirikawiri ndi ntchito ya washala.

Malo okha si chigamulo. Ndi poyambira chabe, masitepe awiri otsatirawa ndi amene atsimikize kapena kutsutsa.

5. Pezani chida chimene chinaboola

Ikani ndalama pa kansalu, muunike ndi tochi kuchokera chammbali, osati pamwamba, kuti chilichonse chotukuka chionetse mthunzi. Tembenuzani, muchitenso chimodzimodzi.

Msomali suchotsa chitsulo, umachikankhira kumbali ndi kutsogolo. Mbali imene unalowera pamakhala polowa ngati kafanulo, mbali imene unatulukira pamakhala kamlomo kotukuka kong'ambikang'ambika, ndipo ndalama yonse imapindika pang'ono. Bowolo silizungulira bwino, ndipo nthawi zina limaonetsa ngodya zinayi za nsonga ya msomali. Kuseri mungaone pophwanyika pamene inatsamira pa mwala kapena pa chitsulo. Choboolera chozungulira, kaya drill ya magetsi kaya yapamanja ya akalipentala, chimachotsa chitsulo. Khoma la bowo limakhala loongoka, lokhala ndi timizere tozungulira, ndalama yosapindika, ndipo kamlomo kotulukira ndi kopyapyala. Nthawi zina pambali pa bowo pamakhala kachizindikiro pamene chidacho chinaterereka poyamba. Amene analibe zonsezi ankapota nsonga ya mpeni kapena ya sizasi mbali iyi, kenako mbali inayo, mpaka zitakumana. Bowo lotere ndi lotambalala kunja konse kuwiri koma lopapatiza pakati.

Njira yabwino yophunzitsira maso ndi kuyesa nokha pa kachidutswa ka lata kapena ka mpoto wakutha: boolani ndi msomali, ndi drill, ndi mpeni, muone kusiyana kwake. Amisiri okhoma zidebe mu msika wa Zomba amazindikira mabowo amenewa pongoyang'ana kamodzi, ndipo kuwafunsa si kutaya nthawi. Osayesera pa ndalama, yakale kaya yatsopano.

Pali mabowo ena amene sanabooledwe ndi munthu. Ndalama ikakhalitsa m'dothi lonyowa, monga m'madimba a m'mbali mwa Likangala kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa kumene dothi lili ndi mchere, imadyeka mpaka kubooka. Bowo lake silikhala ndi maonekedwe enieni, m'mphepete mwake ndi mopyapyala mofumbutuka, ndipo pozungulira pamakhala timaenje tambiri ndi ufa wobiriwira. Za chipolopolo ndimazimva kawirikawiri, makamaka pa ndalama za asilikali. Chipolopolo chimapinda ndalama yonse ngati kambale n'kung'amba chitsulo kwambiri. Kabowo kaukhondo kolowa ulusi si ka mfuti. Enanso amati anaboola ndi waya wamoto, koma mkuwa umasungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 1,000, ndipo waya wofiira wa pa mbaula sungaulowe.

6. Werengani zaka za bowo

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Khalani pansi, musafulumire. Pali zinthu zinayi zoyang'ana, ndipo muziyang'ane zonse musanagamule.

Choyamba ndi utoto wa mkati mwa bowo. Mkuwa ukangodulidwa umawala mofiirira, kenako ndi zaka umada mpaka kukhala wa khofi kapena wakuda. Siliva amayamba woyera, n'kumatuwa mpaka kuda. Unikani m'khoma la bowo, muyerekeze. Koma samalani poyerekeza. Osayerekeza ndi malo otukuka monga tsaya la mfumu kapena msana wa njovu, chifukwa malo amenewo zala zimawapukuta nthawi zonse. Yerekezani ndi malo obisika, monga pakati pa zilembo, pamene chala sichifika. Mkati mwa bowo mukafanana ndi malo obisikawo, bowo ndi lakale. Mukamawala pamene pakati pa zilembo pali bii, bowo ndi laposachedwa. Koma pali msampha: bowo limene munkadutsa chingwe mpaka posachedwapa limawala pamalo amodzi okha pamene chingwe chinkakhuza, kwina konse kuli kwakuda. Limenelo ndi lakale, kuwalako ndi kwa ntchito.

Chachiwiri ndi mlomo wa bowo. Tengani kathonje, mukadutsitse pang'onopang'ono pamwamba pa bowo mbali zonse. Thonje likakodwa, mlomo ukadali wakuthwa, ndalamayo sinavalidwe kapena kuyenda m'manja kwa nthawi yaitali chiibooleni. Likadutsa osakodwa, yang'anani chimene chinasalaza mlomowo. Timizere toongoka toyang'ana mbali imodzi ndi ta tupa. Mlomo wophwatalala ndi wa nyundo. Zonse ziwirizi zikutanthauza kuti woboolayo anasamala kuti chitsulo chisakande khungu kapena kudula ulusi, ndiye kuti ndalamayo inali yovala. Wofuna washala sataya nthawi ndi tupa. Mlomo wosalala wopanda mzere uliwonse, woterera ngati wasungunuka, ndi ntchito ya zaka.

Chachitatu ndi kudyeka kwa bowo. Chingwe cha pachitsime chimadya mtengo umene chimatsetserekapo mpaka kusiya ngalande, ndipo ulusi umachita zomwezo pa ndalama. Ndalama yolendewera imakokera pansi, ulusi umakokera mmwamba, ndiye bowo lozungulira limayamba kutalika cha ku m'mphepete. Kachitsulo kotsala pakati pa bowo ndi m'mphepete kamapyapyala. Ulusi kapena chikopa zimasiya podyeka potambalala posalala, pamene kamphete ka chitsulo kamasiya kangalande kopapatiza. Mukapeza ndalama imene bowo lake linang'ambika mpaka kunja, ndipo pambali pake pali bowo lachiwiri, mwapeza chinthu chimene wina anachikonda: anachivala mpaka kudula, n'kuboolanso kuti apitirize. Izi muziyang'anenso pa makobidi obadwa ndi bowo. Khobidi la njovu limene bowo lake ladyeka mbali imodzi linakhala pa chingwe nthawi yaitali, ngakhale palibe amene analiboola.

Chachinayi, chimene ndimachiona chofunika koposa, ndi kupeza chimene chinayamba pakati pa kutha kwa ndalama ndi bowo. Nkhope ikakhala yofufutika mbali zonse ziwiri koma mlomo wa bowo uli wakuthwa, ndalamayo inayenda m'misika zaka zambiri, kubooledwa kunabwera kumapeto, mwina itasiya kale kugula kanthu. Zilembo zikakhala zakuthwa koma bowo lili lodyeka kwambiri, inabooledwa ikadali yatsopano, ndipo zaka za bowo zayandikana ndi chaka cholembedwacho. Mbali imodzi ikakhala yosalala kuposa inzake, yosalalayo ndi imene inkakhudza thupi kapena chovala. Zonse zikatha mofanana, nkhope ndi mlomo womwe, koma bowo losatalika, ndiye kuti itabooledwa inabwereranso m'matumba ndi m'manja mwa anthu.

Tiyerekeze kuti muli ndi tiki ya siliva ya South Africa ya nthawi ya George VI, ngati zimene ankabwera nazo amene anapita ku Joni pa Wenela. Bowo lili pamwamba pa mutu wa mfumu, lopotedwa ndi mpeni mbali zonse ziwiri, latalika cha ku m'mphepete, mkati muli mwakuda, mbali ya duwa ndi yosalala koma nkhope ya mfumu ikuoneka bwino. Mukhoza kunena molimba mtima kuti inabooledwa pamanja popanda zida za mmisiri, ikadali yatsopano, ndipo inavalidwa zaka zambiri nkhope ili kunja. Tsopano tiyerekeze 20 tambala ya 1971, ya njovu, yokhala ndi bowo pakati, yopindika ngati kambale, pozungulira bowo pali mzere wozungulira ndi dzimbiri lofiira. Ndalama imeneyo payokha sichita dzimbiri lofiira. Dzimbirilo lachokera ku msomali, mzerewo ndi wa mutu wa msomali, ndipo ndalamayo inagwira lata kapena thabwa.

Ya m'dothi ili ndi umboni wina. Katondo wolimba m'bowo, wogwirana ndi zobiriwira zimene zakuta ndalama yonse, akusonyeza kuti inakwiririka ili kale ndi bowo. Chilonda chowala chodutsa pa zobiriwirazo ndi cha khasu la dzulo.

Pomaliza pa sitepe ino, dziwani kuti alipo amene amadetsa bowo latsopano ndi polishi wa nsapato, mwaye kapena oyilo wakuda kuti lioneke lakale. Utoto wa zaka umalowerera m'chitsulo ndipo suchoka ndi thonje louma. Wopaka umatsalira pa thonje, ndipo nthawi zambiri umanunkha.

Kuwerenga konseku sikukupatsani chaka chenicheni. Kumakupatsani malire: pambuyo pa chaka chakuti, kale kapena posachedwa, ndi chida chakuti, pa ntchito yakuti. Amene angakuuzeni kuti bowo ili linabooledwa mu 1948 pongoliyang'ana akungolota.

7. Funsani akuluakulu, koma mufunse bwino

Chitsulo chikakuuzani zake, pitani kwa anthu. Musafunse kuti, "Agogo, iyi inali ya mankhwala eti?" chifukwa mwawapatsa kale yankho, ndipo ena pofuna kukusangalatsani angovomera. Ikani ndalamayo m'manja mwawo, munene kuti, "Agogo, kodi iyi mukuikumbukira? Inkakhala kuti? Ankasunga ndani?" Mukatero khalani chete. Funsani azakhali paokha, amalume paokha, muone pamene nkhani zawo zikukumana. Amayi achikulire ndi amene amadziwa zambiri za ndalama zomangidwa pa ana, ndipo ena safuna kuzikamba pagulu kapena pamaso pa anthu a ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Alemekezeni, mukambe nawo pambali.

Nkhani ya pakamwa ikasemphana ndi chitsulo pa za chaka, khulupirirani chitsulo. Khobidi la 1957 silinapite ku nkhondo ya ku Burma, imene inatha mu 1945. Komabe musawatsutse agogo pamaso. Kawirikawiri nkhaniyo ndi yoona, kungoti ndalama yake inali ina imene inatayika.

Ndionjezepo mawu amodzi kwa amayi. Mukamva kuti kale ankamanga khobidi pa mchombo wotuluka wa khanda kapena m'khosi mwake, musatengere. Khobidi silibweza mchombo, limangosunga litsiro pa khungu, ndipo mwana akhoza kulimeza. Za mchombo pitani nazo ku sikelo.

8. Lembani, sungani, ndipo musapusitsidwe

Lembani pa kapepala malo enieni pamene inapezeka, kuya kwake ngati inali m'dothi, zimene zinali pafupi, ndi zimene akuluakulu anena, ndi dzina la amene wanena. Ngati ili pa chingwe chake chakale, musadule, musamasule mfundo. Ikani iliyonse m'kaenvelopu kake ka pepala, pamalo ouma. Chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri chimawononga mkuwa msanga, ndipo mapepala apulasitiki ofewa amasunga thukuta. Imene ikutuluka ufa wobiriwira muipatule kwa zinzake.

Za mtengo ndinene mosabisa, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri funso lenileni lili pamenepo. Mphekesera zoti makobidi amabowo ali ndi golide kapena mekyule mkati, ndipo kuli azungu ogula mamiliyoni, zapweteketsa anthu. Khobidi la njovu ndi mkuwa wosakaniza ndi tizitsulo tina pang'ono, ndipo anawapanga mamiliyoni ambiri, moti kwa otolera ndalama mtengo wake ndi wochepa. Bowo loboola munthu limatsitsanso mtengo, silikweza. Munthu akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama ya mayeso kapena ya thiransipoti kuti akupezereni wogula, m'kanireni. Ndipo musadule kapena kuboola ndalama pofuna kuona za mkati.

Mukafukula zambiri pamalo amodzi, monga mu mphika kapena m'chitini, kapena pamodzi ndi mikanda, mabatani a yunifolomu kapena mafupa, siyani kukumba. Jambulani mmene ziliri, mudziwitse amfumu, kenako a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, popeza lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere. Ofuna kufufuza za msilikali kapena za malo amene ndalamayo inapezeka angayambire ku National Archives konkuno ku Zomba, kapena kwa aphunzitsi a mbiri yakale ku University of Malawi. Popita, tengani zithunzi za mbali zonse ziwiri, chithunzi chapafupi cha bowo chojambulidwa tochi ili chammbali, ndi kapepala kanu ka zimene mwapeza pa sitepe iliyonse.